Magetsi akabwerera, seva imadzutsidwa ndi ndani?

Kumalo ngati ku Mkanda, kumpoto m'boma la Mchinji kufupi ndi malire a dziko la Zambia, katswiri wa makompyuta sagona pakhomo. Amachokera ku boma kapena ku Lilongwe, n'kukonza zofunika kukonza, n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Akachoka, seva imatsala m'manja mwa kalaliki, namwino kapena mphunzitsi amene ali kale ndi ntchito yake. Ndiye magetsi akathima n'kuyakanso, makinawo ayenera kudzuka okha, mapulogalamu onse n'kuyamba ntchito mwadongosolo popanda wowauza. Mafunso otsatirawa ndi a munthu amene akuphunzira kusamalira seva ya Linux pamalo otere.

Seva ikayatsidwa, chimachitika n'chiyani tisanaone kalikonse pa sikirini?

Mukadina batani, kapulogalamu kokhala pa bolodi la makinawo, kotchedwa BIOS kapena UEFI, kamafufuza kaye ngati memory ndi disk zili bwino. Kenako kamasiyira GRUB, yomwe ntchito yake ndi kunyamula kernel, phata la Linux, n'kuiika mu memory. Kernel ikakhazikika imayambitsa pulogalamu imodzi yokha ndipo imaipatsa nambala 1. Zina zonse zoyenda pa seva zimayambitsidwa ndi nambala 1 ameneyu, kapena ndi zomwe iye wayambitsa. Pa Ubuntu, Debian, Fedora ndi Red Hat za masiku ano, nambala 1 ndi systemd.

Zomwe systemd imadzutsa timazitcha masevisi. Awa ndi mapulogalamu ogwira ntchito mwakachetechete, opanda windo loti munthu adinepo: MySQL yosunga kaundula, nginx yopereka masamba kwa makompyuta ena m'nyumbamo, sshd yolola katswiri kulowa mu seva ali kutali, cron yoyendetsa ntchito za pa nthawi yoikika. Kusamalira kuyaka kwa seva ndiko kusankha kuti mwa amenewa ayambe ndi ati, motsatana bwanji, ndipo wina akagwa pachitike chiyani.

Nkhani imeneyi si ya makampani akuluakulu a m'tauni? Ikukhudza bwanji ku Mkanda?

Ikukhudza kumudzi kuposa m'tauni. Seva ya kubanki ili m'chipinda chozizira, kuseri kuli jenereta, ndipo imatha miyezi osazimitsidwa. Wina akalakwitsa dongosolo la kayambidwe ka masevisi ake, cholakwacho chimabisala nthawi yaitali. Seva ya pachipatala chaching'ono, ya pasukulu kapena ya kopaletivu ya alimi a mtedza ndi soya ilibe mwayi wotero. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 anachoka pa gridi, ndipo kuthimathima kunakhala kwa maola ambiri tsiku ndi tsiku mpaka chaka chotsatira. Pa nthawi ngati imeneyo seva yomwe mabatire ake atopa imayaka ndi kuzima kangapo pa sabata, ndipo kuyaka kulikonse ndi mayeso a zomwe katswiri anasiya.

Amene anayamba kuika makompyuta m'zipatala za boma m'dziko muno anazidziwa kale zimenezi. Bungwe la Baobab Health, lomwe analiyambitsa Gerry Douglas, linaika makina odina pa sikirini ku Kamuzu Central Hospital mu 2001, ndipo mu 2006 linayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu yotsatira odwala olandira ma ARV ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Seva zake zinkayendera Linux, kaundula n'kumasungidwa mu MySQL, pulogalamuyo inalembedwa ndi Ruby on Rails, ndipo makina onse ankadya magetsi a mabatire anayi a mavoti 12 olumikizidwa pamodzi kupanga mavoti 48. Kamata ka barcode komwe mumakaona m'buku la kuchipatala n'kochokera ku makina a mtunduwu. Onani kuti anthuwa sanayambe ndi kudalira intaneti kapena gridi. Seva inkakhala pachipatala pomwepo, ndipo inkayenera kudziimira payokha.

Kuchokera ku Lilongwe kufika pa Mchinji boma ndi makilomita oposa 100, ndipo kuchoka pa boma kupita ku Mkanda ndi ulendo winanso. Kutumiza galimoto mtunda wonsewo kuti munthu akalembe mzere umodzi womwe anaiwala ndi kuwononga mafuta, pamene odwala akudikira pa benchi ndipo kalaliki wabwerera ku kaundula wa pepala yemwe adzafunike kulowetsedwanso m'makina.

Ndinayambitsa sevisi, inayenda bwinobwino. Mawa lake magetsi atathima n'kubwerera sinayambe. Ndinalakwitsa pati?

Mwina munalemba systemctl start basi. Lamulo limeneli limayambitsa sevisi nthawi yomweyo, koma silinena kanthu za mawa. Lomwe limauza systemd kuti sevisiyo izidzuka nthawi iliyonse seva ikayaka ndi systemctl enable. Awiriwa sadalirana: sevisi ikhoza kukhala ikuyenda koma isanalembedwe pa mndandanda wa zodzuka, kapena kulembedwa koma panopa yaima. Kuti muchite zonse pakamodzi lembani systemctl enable --now n'kutsatiza dzina la sevisi. Kuti muone ngati inalembedwa, funsani ndi systemctl is-enabled.

Palibe matsenga pa enable. Imangopanga kalozera kakang'ono mu foda ya multi-user.target.wants, pansi pa /etc/systemd/system, koloza ku fayilo ya sevisi yanu. Seva ikamayaka, systemd imawerenga fodayi n'kudzutsa zonse zomwe zalozedwamo.

Zonse ndinazilemba kuti zizidzuka, koma pulogalamu yathu imadandaula kuti siikupeza database. Ndikaiyambitsanso pamanja imayenda. Bwanji?

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. systemd siyambitsa masevisi mmodzimmodzi pamzere. Imayambitsa onse omwe ingathe nthawi imodzi kuti seva ifulumire. Ngati simunaiuze kuti pulogalamu yanu idikire MySQL, onse awiri amanyamuka limodzi, ndipo pulogalamu yopepukayo imafika msanga n'kupeza database isanatsegule. Zili ngati kuthira ufa m'madzi ozizira: zonse zofunika zilipo mumphika, koma nsima siituluka.

Mawu okonzera zimenezi ndi atatu, ndipo anthu amawasokoneza. After= amanena za kutsatana kokha: ngati masevisi awiriwa akuyamba, uyu ayambe pambuyo pa uyo. Sakakamiza kuti uyo ayambe. Wants= amati ukamandidzutsa udzutsenso uyo, koma akalephera ine ndipitirira. Requires= ndi wolimba: pamodzi ndi After=, uyo akalephera kuyamba inenso sindiyamba, ndipo wina akamuimitsa dala nane ndiima. Pa pulogalamu yodalira database mumafunika After= pamodzi ndi mmodzi mwa awiri enawo. Ine ndimakonda Wants= ndi After=, n'kuwonjezera kuti pulogalamuyo iziyesanso ikagwa, chifukwa Requires= amatha kuisiya chigonere database ikachedwa kamodzi kokha.

Ndipo database imachedwadi magetsi akathima mwadzidzidzi. InnoDB, gawo la MySQL ndi MariaDB losunga matebulo, ikadzuka pambuyo pa kuzima kotere imayamba yawerenga zolemba zake za redo log, kumalizitsa zomwe zinavomerezedwa kale, zomwe zinatsala panjira n'kuzibweza. Pa disk yakale komanso kaundula wamkulu zimenezi zimatenga nthawi. Chifukwa chake dongosolo lomwe linayenda bwino tsiku lomwe katswiri anayesa ndi reboot yaulemu limatha kugwa tsiku lomwe magetsi adula pakati pa ntchito.

Netiweki nayo ili ndi msampha wake. network.target sikutanthauza kuti seva yapeza adiresi. Yomwe imatanthauza zimenezo ndi network-online.target, ndipo iyenera kulembedwa pa Wants= ndi pa After= pomwe. Kumbukiraninso kuti magetsi akabwerera, rauta ndi switch zimadzuka nthawi imodzi ndi seva, ndipo nthawi zina seva ndiyo imayamba kufika. Ipatseni sevayo adiresi yokhazikika m'malo modikira kuti rauta iigawire. Chomwe simuyenera kuchita ndi kumangirira pulogalamu yolembera odwala kapena alimi ku intaneti. Ntchito yotumiza malipoti ku likulu ikhale sevisi payokha, yodikira netiweki ya TNM kapena Airtel mmene ingafunire, pamene ya pakauntala yayamba kale.

Ndili ndi script yanga. Ndiiyike mu rc.local, mu crontab, kapena kuti?

Njira zonsezi zilipo chifukwa cha mbiri. Dongosolo lakale linachokera ku UNIX System V ya m'zaka za m'ma 1980. Sevisi iliyonse inali ndi script yake mu /etc/init.d, ndipo mafoda ngati /etc/rc2.d ankakhala ndi malozera oyamba ndi chilembo S ndi nambala: S20 ankayamba S99 asanayambe. Kutsatana konse kunali m'manambala amenewa, ndipo rc.local inali yomaliza, malo otayiramo chilichonse chomwe chinalibe kwawo. Ubuntu inabweretsa Upstart mu 2006. Mu 2010 Lennart Poettering ndi Kay Sievers anatulutsa systemd. Fedora inaitenga mu 2011, Red Hat Enterprise Linux 7 mu 2014, Debian 8 ndi Ubuntu 15.04 mu 2015. Mkangano unali waukulu moti ena anapatuka ku Debian n'kuyambitsa Devuan, yopanda systemd. Kwa inu phindu la mbiriyi ndi limodzi: mukapeza malangizo pa intaneti onena za update-rc.d, chkconfig kapena /etc/init, yang'anani chaka chake musanawatsatire. Ubuntu 14.04 inali ya Upstart, 16.04 ya systemd, ndipo seva zakale zosasinthidwa zikadalipo m'maofesi.

rc.local imagwirabe ntchito ngati fayiloyo ilipo ndipo ili ndi chilolezo choyendetsedwa, ngakhale Ubuntu inasiya kubwera nayo. Mzere wa @reboot mu crontab nawonso umayenda. Vuto la njira ziwirizi ndi lakuti zimayambitsa script n'kuiiwala. Ikagwa palibe woidzutsa, ndipo simungaiuze bwinobwino kuti idikire database. Anthu amathera polemba sleep 60 pamwamba pa script, kuyembekeza kuti mphindi imodzi ikwana. Tsiku lomwe InnoDB yatenga mphindi ziwiri, sizikwana.

Lembani fayilo ya sevisi. Ndi mizere khumi ndi iwiri yokha. Tinene kuti pulogalamu yanu ndi ya kaundula: pangani /etc/systemd/system/kaundula.service yokhala ndi magawo atatu. M'gawo la Unit muikemo Description=, kenako Wants=mysql.service ndi After=mysql.service. M'gawo la Service muikemo User= ndi dzina la akaunti wamba, WorkingDirectory= ndi foda ya pulogalamuyo, ExecStart= ndi njira yonse yofikira pa script, Restart=on-failure ndi RestartSec=10. M'gawo la Install muikemo WantedBy=multi-user.target. Ngati script ndi yochita ntchito kamodzi n'kutha, onjezani Type=oneshot ndipo za Restart= muzisiye. Mukasunga fayiloyo lembani systemctl daemon-reload kuti systemd iwerengenso, kenako enable --now.

Mafayilo a masevisi obwera ndi mapulogalamu amakhala mu /lib/systemd/system kapena /usr/lib/systemd/system. Musawasinthe pomwepo, chifukwa update yotsatira idzafafaniza zanu. Gwiritsani ntchito systemctl edit, yomwe imasunga zosintha zanu padera.

Script imayenda ndikaiyendetsa ndekha, koma pansi pa systemd imakana. Yasiyana chiyani?

Inu mukalowa mu seva, mafayilo ngati .profile ndi .bashrc amakukonzerani malo: PATH yaitali, Ruby kapena Python yomwe munasankha, foda yanu. systemd siwerenga mafayilo amenewa. Imayendetsa script ndi PATH yaifupi, kuchokera pa foda ya pamwamba penipeni, ndipo ngati simunatchule User= imaiyendetsa ngati root, akaunti yokhala ndi mphamvu zonse. Mapulogalamu a Rails oikidwa kudzera mu rbenv kapena RVM amagwa kawirikawiri pa chifukwa chimenechi: lamulo la bundle limapezeka kwa inu, kwa systemd ayi. Lembani njira yonse ya lamulo lililonse, zina zofunika muzipereke ndi Environment= kapena EnvironmentFile=. Onaninso kuti mzere woyamba wa script ukutchula shell yoiyendetsa, ndiponso kuti fayiloyo sinalembedwe pa Windows n'kubwera ndi mathero a mizere a kumeneko.

Bwanji osangolemba Restart=always pa chilichonse n'kupuma?

Pali zinthu ziwiri zoti mudziwe. Choyamba, systemd ili ndi malire: sevisi ikayambitsidwa koposa kasanu m'masekondi 10, imaisiya n'kuilemba kuti yalephera. Ndipo ngati simunatchule RestartSec=, imadikira gawo limodzi chabe mwa magawo khumi a sekondi isanayesenso, kotero mwayi usanu uja umatha database isanatsegule n'komwe. N'chifukwa chake pamwambapa tinaika masekondi 10. Potero malirewo safikidwa ndipo sevisi imayesabe mpaka zitatheka.

Chachiwiri, kudzukanso kumabisa matenda. Pulogalamu yomwe ikugwa ola lililonse chifukwa disk yadzaza kapena memory yatha imaoneka ngati ili bwino, mpaka tsiku lomwe idzagwe ikulemba. Muziwerenga zolemba. journalctl -u kaundula imaonetsa za sevisi imodziyo, journalctl -b za kuyaka kwa lero, ndipo journalctl -b -1 za kuyaka kwapitako, komwe nthawi zambiri ndiko kuli yankho. Lomalizali limagwira ntchito pokhapokha zolembazo zikusungidwa pa disk. Ngati foda ya /var/log/journal palibe, pa makina ambiri zimafafanizika seva ikazima.

Nanga ngati seva yeniyeniyo siikuyaka, kapena yaima panjira?

Yambani ndi BIOS. Makompyuta ambiri magetsi akabwerera amakhala chizimire mpaka wina adine batani. Muli malo osinthira zimenezi, olembedwa mawu ngati Restore on AC Power Loss kapena AC Recovery; sankhani kuti iziyaka yokha. Pa bolodi palinso kabatire kozungulira ka CR2032. Kakatha, zomwe munasankha mu BIOS zimatha kubwerera mwakale ndipo wotchi imasokonekera. Pamalo opanda intaneti yodalirika yokonzera nthawi, seva imatha kudzuka ili m'chaka china n'kumalemba masiku olakwika pa kaundula tsiku lonse. Kabatireka n'kotchipa, kasintheni kasanathe.

Choimitsa seva panjira chomwe chimapweteka kwambiri ndi fayilo ya /etc/fstab, mndandanda wa ma disk omwe seva imalumikiza ikayaka. Wina amalembamo disk yakunja ya backup, tsiku lina mnzake n'kuichotsa kupita nayo ku boma. Seva ikayaka, systemd imaidikira disk ija masekondi 90, ikaisowa n'kugwera mu emergency mode. Mmenemo netiweki siyamba, sshd siyamba, ndipo katswiri ali ku Lilongwe sangalowe ngakhale atafuna. Mankhwala ake ndi liwu limodzi, nofail, pa mzere wa disk iliyonse yomwe seva ingayende popanda iyo. Ma disk muziwatchula ndi UUID, chifukwa mayina ngati sdb amasintha mukasintha polowetsa.

Backup yathu inaikidwa kuti iziyenda 2 koloko usiku. Magetsi akathima nthawi imeneyo?

Ngati ili mu cron wamba, tsiku limenelo backup palibe, ndipo palibe wokuuzani. cron sibwerera m'mbuyo. Ma timer a systemd ali ndi Persistent=true: nthawi ikadutsa seva ili chizimire, ntchitoyo imachitika ikangoyaka. anacron imachitanso zofanana pa ntchito za tsiku ndi tsiku. Onjezani RequiresMountsFor= yoloza ku disk ya backup, kuti disk ikachotsedwa script isalembe mu foda yopanda kanthu pa disk yomweyo yomwe mukufuna kuiteteza.

Komanso dzifunseni chifukwa chake mwasankha usiku. Chizolowezichi chinachokera kumalo komwe seva siizima. Pamalo odalira sola, usiku kwambiri ndi pomwe mabatire ali pansi. Nthawi ya nkhomaliro dzuwa lili pamutu, pakauntala pachepa anthu, ndipo pali munthu woona ngati zatheka.

UPS tili nayo. Siyokwana?

UPS yosalankhulana ndi seva imangochedwetsa kugwa. Batire ikatha seva imazima mwadzidzidzi chimodzimodzi. Lumikizani chingwe chake cha USB n'kuika NUT kapena apcupsd, masevisi omwe amaona batire ikatsika n'kuuza seva kuti izime mwaulemu. Pozima, systemd imatsata After= uja mobwerera: pulogalamu ya kaundula imaima kaye, database pambuyo. Yesaninso zomwe zimachitika magetsi akabwerera seva itazima kale koma UPS isanathe: BIOS siona kuti magetsi anachokapo, ndiye siyatsa makina. Mapulogalamu awiriwa amatha kuuza UPS kuti idule magetsi ake pomaliza pofuna kupewa zimenezi, koma ziyenera kukonzedwa.

Pali masevisi oyenera kuzimitsa?

Alipo. systemctl list-unit-files --state=enabled imaonetsa onse odzuka, ndipo systemd-analyze blame imaonetsa amene akutenga nthawi. Seva yopanda printa siifunika cups. disable imachotsa sevisi pa mndandanda, koma ina ikhoza kuidzutsabe, mask imaitsekeratu. Zimitsani imodzi, yesani, kenako ina. Yomwe simukuidziwa isiyeni mpaka mutawerenga za iyo.

Ife seva yathu ndi ya Windows.

Maganizo ake ndi omwewo. Mu services.msc sevisi iliyonse ili ndi Startup type: Automatic, Automatic yochedwerapo, Manual kapena Disabled, ndipo tsamba la Recovery ndilo lonena zochita ikagwa. Ma script aikeni mu Task Scheduler kuti aziyamba makina akayaka, ngakhale munthu asanalowe. Foda ya Startup imadikira kuti wina alembe pasiwedi, choncho pa seva siithandiza.

Katswiri asanakwere galimoto kubwerera, ayese chiyani?

Azimitse seva n'kuiyatsa, manja ali m'thumba. Asalowe, asadine kalikonse. Apite pa kompyuta ya pakauntala aone ngati kaundula akutseguka. Ayesenso atachotsa disk ya backup, kenako atazimitsa rauta. Pomaliza, backup itatengedwa ndipo ntchito itaima, azimitse magetsi a chipinda chonse pa switch ya pakhoma n'kudikira kuti UPS izimitse seva, kenako awabwezere, kuti seva, rauta ndi switch zidzukire limodzi monga zimachitira iye kulibe. Mayeso amenewa satha ola limodzi.

Asiyenso pepala pakhoma pafupi ndi seva, lolembedwa m'Chichewa, la munthu wotsala pamalopo: magetsi akabwerera adikire mphindi zingati asanade nkhawa, nyali iti iyenera kuyaka, ndi nambala yoimbira. Ngati kalaliki ali ndi akaunti yake yopanda mphamvu za root, aphunzitsidwe lamulo limodzi, systemctl --failed, lomwe limaonetsa masevisi onse omwe alephera. Akajambula sikiriniyo ndi foni n'kutumiza pa WhatsApp, katswiri amadziwa ngati ndi vuto lokonzera pa foni kapena lofunika ulendo wa ku Mkanda.